Kusalaza chitsulo ndi magetsi ndi madzi amchere

Aliyense amene anaphunzira kusema zitsulo pa makina a lathe kapena pa gilayinda anauzidwa lamulo limodzi lomwe limafika pokhazikika m'manja. Ukafuna kuti pamwamba pasalale, pomaliza uzidya pang'ono ndiponso modekha. Poyamba mpeni umaluma kwambiri kuti uchotse chitsulo chochuluka, kenako umangopala kapamwamba. Lamuloli ndi loona ndipo lapulumutsa ntchito zambiri. Koma pali njira ina yosemera zitsulo imene lamulo lomweli limasocheretsa munthu, ndipo ndaona amisiri odziwa bwino ntchito akukanda mutu nayo chifukwa chodalira zimene manja awo anazolowera. Njirayi imatchedwa electrochemical machining, mwachidule ECM. Pano ndikufuna tikambirane chimene chimasalaza kapena kukhakhalitsa chitsulo chosemedwa mwa njira imeneyi.

Mu ECM mulibe mpeni. Chitsulo chofuna kusemedwa amachilumikiza ku mbali ya pozitivu ya magetsi a DC (oyenda molowera mbali imodzi), ndipo chimatchedwa anode. Chida chosemera, chomwe nthawi zambiri chimakhala cha kopa, bulasi kapena stainless steel, amachilumikiza ku negativu, ndipo chimatchedwa cathode. Ziwirizi zimayandikana kwambiri koma sizikhudzana. Pakati pake pamatsala kampata ka pakati pa 0.1 ndi 0.6 ya milimita, ndipo m'kampata kameneka pampu imakankhamo madzi amchere mwamphamvu, pa liwiro la mamita 10 kapena kuposa pamenepo pa sekondi imodzi. Madziwa ndiwo electrolyte. Magetsi akayatsidwa, mavolti ochepa chabe, mwina 10 mpaka 25, maatomu a pamwamba pa chitsulocho amayamba kutayana ndi anzawo n'kulowa m'madzi. Tikamati chitsulo chikusungunuka tisaganize za moto ayi. Chikusungunukira m'madzi, atomu ndi atomu, ndipo chida chikamasendera pang'onopang'ono maonekedwe ake amadindika pa chitsulocho.

Masamu ake ndi akale. Michael Faraday anasonyeza m'zaka za 1833 ndi 1834 kuti kuchuluka kwa chitsulo chochoka kumayenderana ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Pa chitsulo wamba, ma ampere 1000 amachotsa masentimita a kyubu awiri ndi pang'ono pa mphindi imodzi. Kulimba kwa chitsulocho kulibe nazo ntchito, chofewa ndi chowumitsidwa zimachoka mofanana. Katswiri wina dzina lake Gusseff analembetsa ganizo losema motere mu 1929, ndipo kampani ya Anocut ku America inayamba kuligwiritsa ntchito pa malonda mu 1959. Opanga injini za ndege ndiwo analikumbatira kwambiri, chifukwa timapiko ta m'injinizi timapangidwa ndi zitsulo za nickel ndi titanium zomwe zimatha mipeni ngati masewera.

Zabwino zake pa nkhani ya pamwamba ndi zoonekeratu. Popeza palibe chokhudza chitsulo, sipakhala mizere ya mpeni, sipatsala timinga m'mphepete, ndipo chida sichiperepeseka. Palibenso kakhungu kopsa kokhala ndi timing'alu ngati kamene kamatsala pa EDM, njira ija yosema ndi kuthetheka kwa magetsi. Zikayenda bwino, kukhakhala kwa pamwamba, komwe amakuyeza ndi nambala yotchedwa Ra, kumakhala pakati pa 0.2 ndi 0.8 ya micron (gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita) popanda kupukutanso. Ubwino umenewu ndi umene umagoneka anthu tulo. Amaganiza kuti bola makina alipo, chitsulo chizingotuluka chosalala chokha. Chonsecho ECM ili ndi zilema zakezake, ndipo gwero lake silioneka ndi maso, chifukwa zonse zimachitikira m'kampata kotsekeka kaja momwe simungasuzumire makina akuyenda.

Tiyambe ndi chimene chimasalaza. Pamwamba pa chitsulo chilichonse pali timapiri ndi tizigwa tosaoneka ndi maso. Kaphiri kali pafupi ndi chida kuposa kachigwa, choncho magetsi amathamangira pa kaphiri ndipo kamadyeka msanga. Kusalaza kumeneku kumagwira bwino kampata kakakhala kakang'ono, chifukwa kusiyana kwa kaphiri ndi kachigwa kumakhala gawo lalikulu la mtunda wonsewo. Kampata kakakula, magetsi sasiyanitsanso pokwera ndi potsika. Koma zimenezi zimangochotsa zikuluzikulu. Kunyezimira kwenikweni kumachokera kwina.

Chitsulo sichinthu chimodzi chosalekeza. Ndi tinjere tambirimbiri tolumikizana, ndipo kanjere kalikonse kanagona moloza kwake. Magetsi akakhala ochepa pa sikweya sentimita iliyonse, madzi amakhala ndi mpata wosankha. Kanjere aka kamadyeka msanga, ako kamachedwa, m'malire mwa tinjere mumakumbika, ndipo zotsatira zake ndi pamwamba potuwa, pokhakhala. Magetsi akathithikana kwambiri, kufika ma ampere makumi angapo kapena 100 pa sikweya sentimita, chitsulo chimasungunuka mofulumira moti madzi amalephera kuchinyamula chonse nthawi yomweyo. Pamwamba penipeni pamapangika kansalu kopyapyala ka mchere wa chitsulocho, ndipo tsopano liwiro la kusungunuka limalamulidwa ndi mmene maatomu akudutsira kansaluko. Kansaluko sikasankha kanjere. Ponse pamadyeka mofanana ndipo chitsulo chimatuluka chili phuliphuli. Madhav Datta ndi Dieter Landolt anafufuza zimenezi mozama ku Lausanne m'dziko la Switzerland m'zaka za m'ma 1970, makamaka pa nickel m'madzi a nitrate, ndipo anaonetsa kuti pali malire pomwe pamwamba pamasinthira kuchoka pa kutuwa kupita pa kunyezimira. Anaonetsanso kuti madzi akamathamanga kwambiri, malirewo amakwera, chifukwa madziwo amakokolola kansalu kaja kasanakhazikike.

Apa ndi pamene lamulo la pa lathe limagwera. Mmisiri akaona kuti pamwamba patuwa, mtima umamuuza kuti abweze, achepetse liwiro la chida. Koma mu ECM kukula kwa kampata kumadzikhazikitsa kokha. Mukachepetsa liwiro limene chida chikusendera, chitsulo chimathawa patsogolo pa chidacho, kampata kamakula, magetsi amachepa pa sikweya sentimita iliyonse, ndipo pamwamba pamakhakhala kuposa poyamba. Mukawonjezera liwiro, kampata kamachepa, magetsi amathithikana, pamwamba pamawala. Pa chitsulo wamba, ma ampere 100 pa sikweya sentimita amayenderana ndi chida chosendera mamilimita awiri ndi pang'ono pa mphindi. Ndiye kumalizitsa kwabwino kumafuna kulimba mtima, kukankha chida pafupi ndi malire. Malirewo ndi shoti. Chida chikangokhudza chitsulo, kapena kachidutswa kakakakamira pakati, ma ampere masauzande amadutsa pa kadontho kamodzi, moto umathetheka, ndipo pamatsala chipsera pa chitsulo ndi pa chida chomwe. Chida cha ECM chimatenga nthawi yaitali kuchikonza mpaka chizitulutsa maonekedwe oyenera, choncho chipsera chimodzi chimapweteka kwambiri. N'chifukwa chake makina abwino amakhala ndi zoyang'anira magetsi zomwe zimazimitsa m'kanthawi kochepa kwambiri zikangoona zizindikiro za kuthetheka.

Mukanyamula chitsulo chongotuluka m'makina, madzi akadali kudontha, n'kuchipendeketsa pa kuwala, chimakuuzani zambiri. Pakati, pomwe panayang'anizana ndi nkhope ya chida, pamawala ngati galasi. Mukamasendera cha m'mphepete kuwalako kumazilala, pamabwera mkombero wotuwa, ndipo kunja kwa mkomberowo, pamalo pomwe sipanayenere kusemedwa n'komwe, mumapeza timaenje tating'ono tomwazikana. Chala chikadutsapo chimamva kukwakwata. Amenewo ndi magetsi osochera. Madzi amchere sathera pa nkhope ya chida, amanyowetsa chitsulo chonse, ndipo kulikonse kumene afika magetsi ochepa amadutsako. Magetsi ochepa ndiwo aja osankha. Amaboola pofooka n'kusiya pena.

Kulimbana ndi magetsi osochera kumayambira pa kusankha mchere. Iwiri yodziwika ndi sodium chloride ndi sodium nitrate, ndipo makhalidwe awo ndi osiyana kwambiri. Chloride ndi waukali. Amaswa kachikopa ka oxide kamene chitsulo chimadziteteza nako, moti pafupifupi magetsi onse amapita ku kusungunula chitsulo, kaya ndi ochuluka kaya ndi ochepa. Ntchito imathamanga ndipo mcherewo ndi wosavuta kupeza, koma amadya paliponse pomwe wafika, makona amabulungika ndipo timaenje timachuluka m'mbali. Nitrate ali ndi khalidwe limene ineyo ndimalikonda kwambiri. Pomwe magetsi ndi ochepa, amalola kachikopa ka oxide kukhalapo, ndipo magetsiwo amathera pa kutulutsa mpweya wa oxygen m'malo modya chitsulo. Pomwe magetsi athithikana, pansi penipeni pa chida, kachikopako kamasweka ndipo chitsulo chimasungunuka bwino. Ndiye kusemako kumadzitsekera kokha pamalo oyenera. Mtengo wake ndi wakuti magetsi ena amapita pachabe ndipo ntchito imachedwerapo. Pa ntchito yofuna miyezo yeniyeni ndi pamwamba poyera, kuchedwako n'kopindulitsa. Kuwonjezera pa mchere, m'mbali mwa chida amamatamo zinthu zosadutsa magetsi monga epoxy kuti nkhope yokha ndiyo izigwira ntchito, malo osafunika kusemedwa amawaphimba, ndipo ena amaika kachitsulo kena pambali kuti kakoke magetsi osocherawo. Chomatira cha m'mbalicho chiziyang'aniridwa kawirikawiri. Chikangosupuka pang'ono, chilema chimaonekera pamalo omwewo pa chitsulo chilichonse chotsatira.

Tsopano madzi, omwe kwa ine ndiwo mwini ntchito. Taganizirani nkhope ya masikweya sentimita 100 yolandira ma ampere 100 pa iliyonse. Amenewo ndi ma ampere 10,000, ndipo pa mavolti 15 ndi makilowati 150, pafupifupi onse akusanduka kutentha m'kansalu ka madzi kosafika milimita imodzi. Pa chida pakutuluka mpweya wa hydrogen ngati thovu. Pa chitsulo pakutuluka matope, chifukwa chitsulo chosungunukacho chimasanduka hydroxide. Madzi olowa mbali ino ndi ozizira ndi oyera, koma pofika potulukira atentha, adzaza thovu ndi matope. Kutentha kumawonjezera mphamvu ya madzi yodutsitsa magetsi, pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse pa digiri imodzi. Thovu limachita zosiyana, limatchinga magetsi. Ziwirizi zimakokana, koma sizifafanizana ndendende, choncho kampata sikakhala kofanana kuchokera polowera kufika potulukira, ndipo maonekedwe a pamwamba amasintha motsatira njira ya madzi.

Chilema chodziwika kwambiri apa ndi mikwingwirima. Imayambira pa bowo kapena mng'alu wolowetsera madzi n'kumwazika ngati nthiti, ndipo mukaiona mumadziwa njira yeniyeni imene madzi anayenda. Madzi a mumtsinje akakumana ndi mwala amagawikana, kuseri kwa mwalawo n'kumangozungulira, zinyalala n'kumaunjikana pomwepo. M'kampata zimachitikanso chimodzimodzi. Kuseri kwa kona yakuthwa, kapena pomwe mitsinje iwiri ya madzi ikukumana, pamakhala malo omwe madzi sasinthika. Matope ndi thovu zimakhala pamenepo, chitsulo sichidyeka, pamatsala kamtunda, ndipo kamtunda kameneko ndi komwe kadzakhudze chida n'kuchititsa shoti. Pomwe madzi athamanga mopitirira n'kutsika mphamvu mwadzidzidzi, amang'ambika n'kupanga timphako topanda madzi, ndipo pamenepo magetsi sadutsa. Mankhwala ake ambiri ali pa kapangidwe ka chida. Makona a njira ya madzi azikhala obulungika, njirayo isamakule mwadzidzidzi, ndipo madzi afike pa nkhope yonse asanapeze pothawira. Chinthu china chosavuta koma chothandiza kwambiri ndicho kupanikiza potulukira. Mukatsekako pang'ono kuti madzi atuluke movutikira, mphamvu ya m'kampata imakwera, thovu la hydrogen limafinyika n'kuchepa, ndipo madzi amadzaza ngodya zonse. Mikwingwirima yambiri imatha ndi valavu imodzi yokha ya potulukira.

Thanki nayo ili ndi mbali yake, ndipo apa ndi pomwe ntchito yabwino imaonongekera mwakachetechete. Chitsulo cha m'mawa chimatuluka bwino, cha madzulo chatuwa, makina ndi omwewo, manambala a pa sikirini sanasinthe. Chasintha ndi madzi. Atentha, ena auluka ngati nthunzi ndipo mchere wakhathamira, matope achuluka, pH (muyezo wa asidi m'madzi) yasuntha. M'madzi a nitrate, mbali ina ya nitrate imasinthika pa chida n'kukweza pH, choncho amathiramo asidi pang'onopang'ono kuti ibwerere. Malo ogwira ntchito mosamala amasunga kutentha kwa madzi mosasintha kuposa digiri imodzi kapena ziwiri, amayeza mphamvu yake yodutsitsa magetsi nthawi zonse, ndipo amasefa matope mosalekeza. Kachidutswa kolimba kamodzi kodutsa sefa kakhoza kukanda kapena kuyatsa shoti m'kampata kocheperapo kuposa tsitsi zingapo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa thanki yomweyi ikukhudzanso moyo wa munthu woima pa makinawo. Hydrogen imayaka ikangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya, choncho chokoka mpweya chisamazimitsidwe makina akuyenda. Ndipo posema stainless steel kapena zitsulo za nickel zokhala ndi chromium, makamaka m'madzi a nitrate, chromium ina imasanduka ya mtundu wa hexavalent, yomwe imayambitsa khansa. Imasungunuka m'madzi, sefa siigwira, ndipo imafunika kuisintha ndi mankhwala isanatayidwe. Chitsulo chowala chotuluka m'malo amene antchito ake akupuma nkhungu ya madzi amenewa sindingachitche ntchito yabwino.

Pali zilema zina zomwe mungasinthe mchere, liwiro ndi madzi koma osatha, chifukwa zinabwera ndi chitsulo chomwecho. Mpeni umadula chilichonse chimene wakumana nacho, koma magetsi amasungunula chokhacho chimene chingasungunuke. Graphite ya mu cast iron sisungunuka. Silicon ya mu aluminiyamu wina sisungunuka. Ma carbide a m'zitsulo zolimba amadyeka pa liwiro losiyana ndi chitsulo chowazungulira, choncho amatsala atatumphuka kapena amagwa n'kusiya timaenje, ndipo nthawi zina pamwamba pamatsala kansalu kakuda ka kaboni. Chitsulo cha tinjere tating'ono tofanana chimasalala bwino kuposa cha tinjere tikuluzikulu. Izi zikutanthauza kuti mmene chitsulo chinatenthetsedwera ndi kuziziritsidwa chisanafike pa makina a ECM zimalowa m'nkhani ya pamwamba. Gulu latsopano la zitsulo likafika n'kuyamba kutuluka mosiyana, ndi bwino kufunsa kaye mbiri yake musanayambe kupotokola makina. Titanium ndiye ali ndi vuto lakelake. Kachikopa kake ka oxide ndi kouma mutu, kamafuna mavolti okwera kapena madzi okhala ndi chloride kapena bromide kuti kasweke, ndipo kakasweka mwa apo ndi apo m'malo a magetsi ochepa, timaenje take timakhala takuya.

Njira imene yasintha kwambiri zinthu m'zaka zapitazi ndi yopereka magetsi modukizadukiza, yotchedwa PECM. M'malo moyatsa mosalekeza, magetsi amayaka kwa timagawo tochepa ta 1000 ta sekondi kenako n'kuzima. M'makina ambiri chida chimanjenjemeranso, kutsika ndi kukwera maulendo pafupifupi 50 pa sekondi. Chikatsika kufika pafupi kwambiri, mwina ma micron 10 mpaka 30, magetsi amayaka. Chikakwera, kampata kamatseguka ndipo madzi atsopano amakokolola thovu, matope ndi kutentha. Nzeru yake ndi yogawa nthawi. Kusema kumafuna kampata kakang'ono, kutsuka kumafuna kakakulu, ndiye aliyense apatsidwe nthawi yake. Motero mumapeza magetsi othithikana aja popanda kuphika madzi, ndipo Ra imatsika kufika pansi pa 0.1 ya micron. Kampani ya Philips ku Drachten m'dziko la Netherlands yakhala ikugwiritsa ntchito njira ya mtundu umenewu popanga timitu ta makina ometera ndevu, tomwe tili ndi timing'alu tambiri tofunika kukhala tosalala chifukwa timakhudza khungu la munthu. Mu 2000, Rolf Schuster ndi anzake ku Fritz Haber Institute mumzinda wa Berlin anaonetsa kuti magetsi oyaka kwa ma nanosecond okha (nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni imodzi a sekondi) amatsekera kusungunuka pa ma micron ochepa ozungulira chida. Koma PECM siifafaniza zimene tanena pamwambapa. Kampata kakachepa chotero, kusefa ndi kusunga kutentha kumafunika kukhwima kuposa kale.

Nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya kuyeza. Ra ndi avereji. Kasingano ka choyezera kamayenda mamilimita ochepa pamwamba n'kupereka nambala imodzi, ndipo kadzenje kamodzi kakuya pakati pa malo osalala sikasuntha nambalayo kwenikweni. Nambala ina yotchedwa Rz imathandizako chifukwa imayang'ana kusiyana kwa pokwera ndi potsika kwambiri, komabe kasinganoko kali ndi nsonga ya ma micron angapo ndipo sikangalowe m'kamng'alu kopapatiza ka m'malire a tinjere. Kudyeka kwa m'malire kumeneku, komwe kumachitika kwambiri pa zitsulo za nickel m'malo a magetsi ochepa, kumatha kulowa pansi pamwamba pakuwala bwinobwino. Pa chinthu chozungulira mwa liwiro lalikulu mu injini ya ndege, mng'alu umayambira pamenepo. Njira yotsimikiza ndi yodula chitsulo chimodzi mwa zotuluka, kupukuta podulidwapo, n'kuyang'ana m'mphepete mwake pa maikulosikopu, makamaka m'malo a mkombero wotuwa uja osati pakati powala pokha.

Palinso china chimene ambiri sayembekezera. Mpeni ndi gilayinda nthawi zambiri zimasiya pamwamba pa chitsulo patapanikizika, ndipo kupanikizika kumeneko kumachedwetsa ming'alu. ECM imachotsa kakhungu kameneko n'kusiya chitsulo chili mmene chinalili mkati. Choncho chinthu chosemedwa ndi ECM, ngakhale chosalala bwino, chikhoza kutopa msanga poyerekeza ndi chosemedwa ndi mpeni chikamapindidwa mobwerezabwereza. Pa zinthu zotere amawombapo timipira tating'ono tachitsulo, njira yotchedwa shot peening, kuti kupanikizikako kubwerere. Zimenezi zimakhakhalitsanso pamwamba pang'ono, ndiye wopanga pulani ya chinthucho ndi wosema ayenera kugwirizana kuyambira pachiyambi kuti Ra yolembedwa pa pepala ikuyezedwa pa siteji iti.

Chitsulo chikangotsika pa makina chili pa ngozi yomaliza. Pamwamba pake ndi patsopano, popanda mafuta, ponyowa ndi mchere. Chitsulo wamba chimayamba kuchita dzimbiri musanamalize n'komwe kumangirira chotsatira, ndipo chloride wotsalira m'kabowo kapena m'kona amapitiriza kukumba ngakhale pa stainless steel. Chitsukidwe nthawi yomweyo, kangapo, madzi omaliza akhale opanda mchere uliwonse, mabowo apemereredwe ndi mpweya, chiumitsidwe, ndipo chopaka choteteza chipakidwe chisanaikidwe pa shelefu. Pa kakhadi kake palembedwe kutentha kwa madzi, pH, mphamvu ya polowera ndi potulukira, mavolti ndi liwiro la chida pa nthawi imene chinasemedwa, kuti timaenje tikadzaoneka pa maikulosikopu sabata yotsatira, mudzathe kubwerera ku tsikulo n'kuona chimene chinasuntha.